Tsiku limodzi ku Addis Ababa, tauni ndi kwa amonke ku Debre Libanos: nditenge tour iti?

NyaKapata
Muli bwanji a gulu. Ndithandizeniko nzeru inu amene mumayendayenda. Kuntchito atituma ku msonkhano ku Addis Ababa mwezi wa Novembala, tili awiri, ine ndi amai ena achikulire a mu ofesi mwathu. Msonkhano utha pa Chisanu madzulo koma ndege yobwerera ndi ya pa Sondo, ndiye pa Chiweru tili chabe ndipo ine zokhala mu hotela kuonera TV tsiku lonse ayi. Ndapeza makampani awiri pa intaneti. Yoyamba ndi ya gulu, minibasi, akuti tauni yonse pamodzi ndi nyumba ya amonke ya Debre Libanos tsiku limodzi, malo alembapo ndi ambirimbiri: museum ya Lucy (mafupa a kholo lakalekale la anthu), tchalitchi cha Holy Trinity, msika wa Merkato, phiri la Entoto, kwa amonkeko, mlatho wa Apwitikizi, anyani, mpaka mwambo wa khofi. Yachiwiri ndi galimoto yathu tokha ndi gaidi, mtengo pafupifupi kawiri, koma alembapo chabe Entoto, kwa amonke ndi mlatho, zam'tauni akuti ngati nthawi ilola. Mtima wanga uli pa yoyamba kaili ndalama yochepa zinthu zambiri. Alipo anapitako?

Kabaza_Boss
Alawansi yalowa anthu ayamba kufunsa za amonke kkkkk. Tengani yotchipa amai, chenji mutigulireko khofi

WaKuBole
Ndikhala kuno ku Addis, ndikuuzeni zoona. Debre Libanos sili pafupi ndi tauni monga alembera pa mapepala awo. Ndi makilomita opitirira 100 kumpoto, tinene kuchoka ku Chipata kupitirirako Katete, koma msewu wake si wa Great East woti dalaivala angoponda. Mukwera kaye phiri la Entoto, mutsikire ku Sululta, Chancho, Muke Turi, m'njiramo muli malole opita ku Bahir Dar, abulu, ngolo za mahatchi, ma bajaj a mawilo atatu. Maola awiri ndi theka kupita ndi bwinobwino, kubwera chimodzimodzi, ndipo polowa m'tauni madzulo pali jamu. Ndiye werengani nokha, maola asanu athera mu galimoto. Mukanyamuka 07 hrs mufika cha m'ma 09:30, tchalitchi ndi kamuseum kawo ola ndi theka, kukwera kuphanga la woyera wawo ndi kutsika ola lina, mlatho ndi lanchi maola awiri, mwanyamuka 14:30 mwafika Addis 17 hrs pomwe ma museum akutseka. Lomba Lucy, Holy Trinity ndi Merkato alowa pati? Chimene amachita a minibasiwo n'chakuti zam'tauni amakuonetsani pawindo, apa ndi pa Meskel Square, apo ndi AU, jambulani, tiyeni.

NyaKapata
Iii koma alemba kuti full day

WaKuBole
Full day ndi zoona amai, tsiku lithadi. Funso ndi lakuti lithera kuti.

GaidiWaKuMfuwe
Ntchito yanga ndi yomweyi ngakhale ine ndi wa nyama osati matchalitchi, ndiye lekani ndiulule za m'nyumba. Tour ya gulu ikatchipa kwambiri ndalamayo amaipezera kwina. Mupeza kuti tiketi yolowera siili mu mtengo, lanchi siili mu mtengo, ndipo pakati pa ulendo muima pa shopu ya nsalu kapena ya khofi mphindi 40 chifukwa gaidi ali ndi komishoni pamenepo. Sindikuti ndi kuba, nafenso timadya momwemo, koma mlendo adziwiretu. Musanalipire kalikonse alembereni pa WhatsApp akupatseni ndondomeko ya ola ndi ola, osati mndandanda wa malo chabe. Muwafunse kuti pa malo awa tilowa mkati kapena tingodutsa, mu galimoto tikhala angati, matiketi alipira ndani, gaidi ndi munthu wina kapena ndi dalaivala yemweyo, ali ndi laisensi, Chizungu chake chimveka? Amene ayankha molunjika ndi amene adziwa ntchito. Amene angoti no problem madam everything included osatchula kanthu, thawani. China, minibasi ya gulu imayamba yazungulira mahotela kutola anthu, inu akutengani 07 hrs koma mutuluka m'tauni 08:30 chifukwa mzungu wina akali kudya bulekifasi.

DubaiNaGuangzhou
Ine nimapita na pa Addis kambiri but sininachokepo pa eyapoti ya Bole kupita kutali. Manje funso yanga, ngati nili na transit ya maola 12 ningakwanise iyi ya amonke? Ethiopian imapasa hotela ngati transit yapitilila maola 8

WaKuBole
Osayesa mayi. Tayala likaphulika ku Chancho ndege yanu yapita ndi katundu yense. Pa transit chitani zam'tauni chabe, itanani galimoto pa app ya Ride kapena Feres, museum ndi Holy Trinity zili pafupipafupi cha ku Arat Kilo, maola atatu mwamaliza. Muonetsetsenso kuti pepala lomwe akupatsani pa eyapoti likulolani kutuluka.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga NyaKapata, ine ndikuti ukasiya Debre Libanos chifukwa cha Merkato udzakhala utalakwitsa. Msika ndi msika, ukulu wake chabe. Koma malo aja ali ndi mbiri yoti munthu wa mu Africa aidziwe. Anayambitsa ndi woyera wawo Tekle Haymanot cha m'ma 1284, taganiza, nthawi imeneyo kuno uthenga wa Chikhristu unali usanamveke n'komwe, mamishoni a Dutch anafika ku Magwero mu 1899. Amakhulupirira kuti mkuluyu anaima chiimire kupemphera m'phanga zaka zambiri mpaka mwendo umodzi unaduka, n'chifukwa chake pa zithunzi zawo amamujambula ndi mwendo umodzi ndi mapiko asanu ndi limodzi. Phangalo lili pamwamba pa tchalitchi ndipo anthu odwala amapitako kukatunga madzi odalitsika.

Koma chimene chimandikhudza ine ndi cha 1937. Italy italanda dziko la Ethiopia, mwezi wa Febuluwale anyamata awiri anaponya mabomba kufuna kupha Graziani, bwanamkubwa wa Mussolini, mu Addis momwemo. Iye anapulumuka, ndipo pobwezera anthu zikwizikwi anaphedwa m'tauni masiku atatu. Sanakhutire, anaganiza kuti amonke ndiwo anabisa anyamatawo, ndiye mwezi wa Meyi anatuma asilikali ku Debre Libanos pa nthawi ya chikondwerero pomwe anthu anali atasonkhana. Lipoti la Ataliyana eni ake linati anawombera amonke 297, pambuyo pake anaphanso madikoni, ndipo ofufuza a masiku ano amati onse pamodzi akhoza kufika cha m'ma 2,000. Tchalitchi chomwe ukachione lero si chakale ayi, anamanga ndi mfumu yawo Haile Selassie mu 1961. Ndiye gaidi wako akhale woti nkhani izi azidziwa. Ukapita ndi munthu wongoloza kuti ichi ndi tchalitchi, ukaona nyumba ya simenti ya zaka 60 n'kumadabwa kuti ndavutikiranji ulendo wonsewu.

Kabaza_Boss
Aphunzitsi mwayamba period ya History, belu ilira liti kkkk

Mphunzitsi_Wopuma
Iwe unkathawa kalasi n'chifukwa chake.

NyaKapata
Zikomo atate, izi sindinazidziwe. Pa pepala la kampani angolemba kuti 13th century monastery basi, ine ndimayesa tikaona nyumba ya miyala yakalekale

MlimiWaFodya_Chadiza
Ine ndiye nditsutsa. Munthu ukupita koyamba ku likulu la Africa, kumene OAU, bungwe la mayiko a mu Africa, inabadwira pa 25 Meyi 1963, tsiku lomwe ife timapuma chaka chilichonse kuti Africa Freedom Day, KK wathu anakhalapo wapampando wake kawiri, ndiye usiye zonsezo ukathere tsiku mu galimoto kukaona tchalitchi cha mpingo woti si wako? Ngati ndi matchalitchi a Orthodox m'tauni momwemo alimo. Holy Trinity muli manda a Haile Selassie ndi mkazi wake, St George ndi momwe anamuvekera ufumu mu 1930, pa Entoto pali tchalitchi cha Maryam ndi nyumba ya mfumu Menelik. Palinso chikumbutso chatsopano cha nkhondo ya Adwa chomwe anatsegula mu 2024, nkhondo imene Aitiyopiya anagonjetsa Italy mu 1896. Zonsezi tsiku limodzi mosathamanga, miyendo osatupa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, sankhani tauni basi.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwambiwo mwaugwiritsa bwino achimwene, koma ukunena za kutenga zonse ziwiri, sukunena kuti chosiyidwa chikhale cha amonke. Tauni atha kuiona madzulo akaweruka ku msonkhano.

MlimiWaFodya_Chadiza
Madzulo ati atate, misonkhano imeneyi imatha 17 hrs anthu atatopa ndi ma presentation, museum atatseka

WaKuBole
Apa nonse muli ndi mbali. Museum madzulo simungaipeze yotsegula, koma pa nthawi ya lanchi zitheka ngati msonkhano uli cha ku Kazanchis, National Museum ndi yaing'ono, ola limodzi lakwana. Mudziwiretu kuti Lucy amene amaika poonekera nthawi zambiri ndi chofanizira, mafupa enieni amasunga mkati. Anamupeza mu 1974 ku Hadar, wa zaka 3.2 miliyoni, ndipo ndi kakang'ono, anthu ambiri amati aa ndi kameneka? Ine imene ndimaikonda ndi Ethnological Museum ya mu yunivesite ku Sidist Kilo, inali nyumba yachifumu ya Haile Selassie, mumalowa mpaka kuchipinda kwake ndi kubafa. Ndipo a NyaKapata ngati msonkhano wanu uli ku ECA, bungwe la UN la zachuma mu Africa, funsani okonza ngati angakulowetseni mu Africa Hall, ndi momwe anasainira za OAU, muli mawindo a magalasi amitundu a katswiri wojambula Afewerk Tekle. A tour mwina sangakulowetsenimo chifukwa ndi mumpanda wa UN, inu ndi baji yanu ya msonkhano muli ndi mwayi kuposa iwo.

NamwinoWaUsiku
Palibe amene wafunsa za amai achikulirewo. Ali bwanji m'thupi? Addis ili pa mamita 2,355, kuwirikiza kawiri kukwera kwa Chipata, Entoto ndiye cha m'ma 3,000. Munthu wa BP kapena wa mtima amamva befu pongokwera masitepe a hotela masiku oyamba. Njira ya kuphanga ndi yokwera, ya miyala, mumadutsa kamtsinje. Mu tour ya gulu palibe amene adzawadikire, kapena adzawasiya mu minibasi padzuwa ola lathunthu. Mukakhala ndi galimoto yanu mutha kunena kuti amai akhale pamthunzi pa tchalitchi ndi botolo la madzi inu mukwere ndi gaidi. Mankhwala awo anyamule m'chikwama cha m'manja, osati kusiya kuhotela.

NyaKapata
Sister mwandikumbutsa, ali ndi vuto la mawondo ndipo amamwa a BP. Iwo ndi amene akufunitsitsa kwa amonkeko kuposa ine, ndi a Chigwirizano ku RCZ, akuti akufuna akaone mmene anzathu amapempherera

MwanaWaSabata
Pa Chiweru ndi Sabata, mukanapuma chabe

Kabaza_Boss
Zayambika

MwanaWaSabata
Sindikuyamba ndewu ayi. Ndingoti a Orthodox a ku Ethiopia nawonso amalemekeza Sabata pamodzi ndi Sondo ndipo nkhumba sadya. Anthu amaganiza kuti ndi ife tokha a ku Mwami

Katekisiti77
Zoona zimenezo, koma amalemekezanso Amayi Maria kwambiri kuposa mmene inu mungapirire kkkk, ndiye musawatenge kukhala anu msanga. Kwa a NyaKapata, za kavalidwe. Nsapato mumavula pakhomo, ndiye valani zosavuta kuvula ndi sokosi chifukwa pansi pamazizira. Azimayi kumutu mpango, mapewa ofunda, siketi yaitali, chitenje chanu chomwecho chigwira ntchito. Eni ake amafunda nsalu yoyera yopyapyala yotchedwa netela. Amuna amakhala mbali yawo akazi mbali yawo. Alinso ndi lamulo lakuti mayi amene ali kumwezi asalowe m'tchalitchi, ngakhale abambo ndi amai amene akhalira pamodzi masiku apafupi, amalemba pachikwangwani poyera. Palibe amene akufufuzeni, zili pa chikumbumtima chanu, koma musadzadabwe kapena kuyamba kuseka mukawerenga. Pakati penipeni pa tchalitchi pomwe pali tabot, chofanizira cha bokosi la chipangano, salowapo munthu wamba. Mapemphero ndi a m'chinenero chakale cha Ge'ez, ataliatali, anthu ali chiimire atatsamira ndodo. Kujambula munthu akupemphera kapena wodwala amene wabwera kudzafuna madzi, pemphani kaye. Kumeneko si malo a alendo poyamba, ndi malo a odwala ndi osauka ambiri amene amagona panja pa mpanda, muwapeza m'mbali mwa njira. Sinthiranitu ndalama zawo, ma birr ang'onoang'ono.

AmakeTaonga
Za kumwezi ndiye zandinyansa ine. Ndilipire madola anga ndikaime panja?

Katekisiti77
Ndi kwawo mayi. Nafenso ku Mkaika pa Kulamba mlendo sangolowa paliponse mmene afunira.

AmakeTaonga
Chabwino koma a kampani azinena zimenezi munthu asanalipire osati ukamve uli pageti

GaidiWaKuMfuwe
Apo ndiye mwalasa, ndipo ndi njira yabwino yoyesera makampani awiriwo. A NyaKapata afunseni onse funso limodzi, kuti ife ndife azimayi awiri tikonzekere chiyani polowa kwa amonke. Amene akuuzeni za mpango, nsapato, lamulo limeneli komanso kuti pakhomo pali ndalama ya alendo ndipo mkati amakuyendetsani ndi munthu wa pomwepo amene mumamupatsako kangachepe, ameneyo amapitako kawirikawiri. Winayo mwina amangogulitsa tiketi n'kukupatsirani kwa dalaivala aliyense amene ali ndi mpata tsikulo. Afunseninso ngati tsiku lanu silikugwera pa chikondwerero.

Katekisiti77
Tekle Haymanot amamukumbukira pa 24 mwezi uliwonse pa kalendala yawo, osati yathu. Tsiku limenelo kumadzaza. Kwa wofuna kuona mapemphero ndi tsiku labwino, kwa wa mawondo ayi.

AkauntiWaBoma
Poti mwatchula kalendala. Amai ngati mukabweza imprest, ndalama za ulendo za kuntchito, ndi marisiti, yang'anitsitsani deti. Kalendala yawo ili ndi miyezi 13, chaka chatsopano chimayamba pa 11 kapena 12 Sepitembala, ndipo ili m'mbuyo zaka 7 kapena 8. Mnzathu wina anabweretsa risiti ya taxi yolembedwa pamanja, chaka chake cha kale, odita anaikana kuti mwaitola kuti iyi. Muziwauza alembe deti ya ku Ulaya. Komanso tour ya pa Chiweru musaiike pa imprest chonde, imeneyo ndi ya m'thumba mwanu

NyaKapata
Kkkkk a Akaunti ndi ya m'thumba mwanga, musandiopseze

WaKuBole
Ndi nthawinso chimodzimodzi. Kuno amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, 07 hrs yathu kwa iwo ndi 1 koloko m'mawa, 08 hrs ndi 2 koloko. A muofesi ya kampani amalemba nthawi yathu koma dalaivala akakuimbirani n'kunena kuti ndibwera 1 o'clock musakagone kuti ndi masana. Mufunseni kuti Ethiopian time kapena European time, sakwiya, anazolowera.

Tsopano nkhani imene ndimadikira kuti wina aitchule. Chitetezo. Debre Libanos ili m'chigawo cha Oromia, ku North Shewa, ndipo msewu umenewu zaka zapitazi wakhala ndi mbiri yoipa. Mu Julayi 2024 anthu a mfuti anaimitsa mabasi onyamula ophunzira a ku yunivesite cha ku Gerba Guracha n'kuwatenga ambiri kukafuna dipo. Malowo ali kutsogolo, mutapitirira pokhotera kwa amonke ndi tauni ya Fiche, koma ndi msewu umodzi womwewo. Zinthu zimasintha, mwezi wina anthu akupita bwinobwino mwezi wina makampani enieni amaimitsa okha maulendo. Ndiye zimene ndinganene lero sizingakuthandizeni mu Novembala. Mukafika funsani a chitetezo a pa msonkhano wanu, funsani ku embassy yathu ya Zambia, funsaninso pa resepishoni ya hotela, sabata yomweyo. Akati ayi, ndi ayi, musamvere wa kampani amene akufuna ndalama yanu. Akati kuli bwino, nyamukani m'mamawa mubwerere dzuwa likali.

MlimiWaFodya_Chadiza
Mwamva? Ine ndimanena

AmakeTaonga
Mayo ine, ndiye bola Merkato yomweyo

DubaiNaGuangzhou
Ku Merkato nakonso foni mugwilile bwino, anzanga amakamba ati tunyamata tumabwela monga tugulisa tishu kansi kwanja kwina kuli mu thumba. Ndipo pa Sondo mashopu yambili yamavala so ngati ni shopping ni pa Chiweru pamene apo

Mphunzitsi_Wopuma
Za chitetezozo sindingatsutse, moyo ndi umodzi. Ndingopempha kuti asafute ulendowo lero ali ku Chipata chifukwa cha mantha, akafunse ali komweko monga anenera a WaKuBole.

GaidiWaKuMfuwe
Ndiye apa yankho likuoneka lokha. Ndi nkhani ya msewuyi simungalipiretu ndalama yonse pa intaneti kwa kampani ya gulu, tsiku likafika n'kumva kuti sitipita mudzavutika kuibweza. Wa galimoto yanuyanu mugwirizane naye mapulani awiri polemba. Pulani yoyamba kwa amonke ngati msewu uli bwino. Yachiwiri ngati suli bwino, tauni tsiku lonse, mtengo utsike chifukwa mafuta achepa. Dipoziti yaing'ono, yotsala mulipire madzulo akakutulani pahotela. Ife alendo amatichita zomwezi nthawi ya mvula misewu ya mu paki ikadzaza madzi ndipo sitikwiya. Ndipo mtengo wa kawiri uja muuonenso bwino, mufunse ngati ndi wa munthu mmodzi kapena wa galimoto. Ngati ndi wa galimoto, pa msonkhanopo simulephera kupeza anthu ena awiri, a ku Malawi kapena a ku Zimbabwe, mugawane anayi, mupeza yafanana ndi ya minibasi.

NyaKapata
Ndayang'ananso, alemba per person koma akuti umatsika tikachuluka

Kabaza_Boss
Nditengeni ine wachitatu ndinyamula zikwama

Chimwemwe_wa_Lundazi
Funso langa ndi la anyani. Munthu wochokera ku Eastern ukalipire madola kukaona anyani? Pa Luangwa Bridge ali mbwee aulere, akubanso nsomba zouma

WaKuBole
Kkkk si amenewo. Awa ndi gelada, amapezeka kumapiri a Ethiopia okha. Amuna ali ndi ubweya wautali m'mapewa ndi chigamba chofiira pachifuwa, ndipo chakudya chawo ndi udzu, amakhala pansi chokhala n'kumazula ndi zala, kusuntha chokhwekhwereza matako osaimirira. Usiku amagona m'maphompho. Amapezeka cha ku mlatho kuja m'mphepete mwa chigwa cha mtsinje wa Jemma, ndipo chigwacho ndi chimene chimandibweza ine kumeneko, waima pamwamba pansi sukuonapo bwino, ziwombankhanga zikuuluka m'munsi mwako. Koma palibe gaidi angalonjeze kuti muwapeza, tsiku lina amatsikira kumunsi. Mlathowo amautcha wa Apwitikizi koma akatswiri ambiri amati anamanga ndi Ras Darge, wachibale wa Menelik, m'zaka za m'ma 1800. Gaidi akakuuzani motsimikiza kuti ndi wa zaka 400 mudziwe kuti akungobwereza za pa pepala. Mathithi ake amakhala amphamvu mvula ikangotha, mvula yawo ndi ya Juni mpaka Sepitembala, pofika Novembala madzi achepa. Juzi nyamulani, kuno Novembala m'mawa kumazizira pomwe kwanuko mukupsa.

Chimwemwe_wa_Lundazi
Nyani wodya udzu ngati mbuzi, chabwino ndagonja

AmakeTaonga
Nanga chakudya? Injera ija ine inandikanika, yowawasa, ndinagona ndi njala ku ukwati wina ku Lusaka

DubaiNaGuangzhou
Imafuna kujaila. Ine nimanyamula ka unga mu bag but ku hotela kulibe pophikila so ni kuvutika chabe kkkk

WaKuBole
Kuwawasako ndi chifukwa ufa wa teff, mbewu yawo, amausiya usase masiku angapo. Poyamba itanitsani shiro, ndi ndiwo ya ufa wa nandolo zawo, kapena tibs, nyama yokazinga, ndipo buledi ndi pasta zili paliponse. Pa Chitatu ndi pa Chisanu a Orthodox amasala, malo ambiri nyama ndi mkaka kulibe, mumapeza mbale ya ndiwo zamasamba zosiyanasiyana, yokoma ndithu. Kitfo ndi nyama yaiwisi, pa ulendo wa msewu wautali isiyeni. Lanchi ya tour imakhala pa malo odyera a pamphepete pa chigwa, mufunse ngati ili mu mtengo.

MlimiWaFodya_Chadiza
Komabe anthu inu, tikukangana za amonke a ku Ethiopia, ndani pano anakwerapo Kanjala kapena kupita kukaona zojambula za m'miyala ku Thandwe? Zathu sitiziona

GaidiWaKuMfuwe
Apo musandiyambe. Anthu obadwira mu Chipata ambiri sanalowepo mu South Luangwa, njovu amaiona pa TV, pomwe mtengo wa nzika pageti ndi wotsika kutalitali ndi wa alendo

Kabaza_Boss
Transport ndi lodge ndiye za nzika? Tiuzeni zina

Admin_Chipata
Za Mfuwe tsegulani nkhani yake payokha, apa tithandize a NyaKapata. Ndipo amene mwatumiza nambala ya kampani ndaichotsa, malonda ku inbox.

NyaKapata
Ndabwera ndi malipoti. Ndawalembera onse awiri mafunso aja. A minibasi ayankha msanga koma ndondomeko ya maola sanapereke, ndafunsa kawiri, angoti all sites covered. Nditafunsa za Merkato ndi Holy Trinity avomera kuti ndi drive through, matiketi ndi lanchi tilipira tokha, ndalama akufuna yonse lero. Za msewu akuti very safe basi. Winayo wachedwa kuyankha koma walemba zambiri, wati tinyamuke 06:30, za mpango ndi nsapato wanena yekha ndisanamalize kufunsa, za msewu wati adzatiuza pa Chinayi sabata yomweyo ndipo ngati sikuli bwino atipititsa Entoto, Holy Trinity, museum ziwiri ndi Adwa, kapena kum'mwera ku Tiya ndi tchalitchi chosema m'mwala cha Adadi Mariam ngati tifunabe kutuluka m'tauni. Dipoziti akuti tikafika. Amai aja ndawauza za phanga akuti iwo akhala pansi pa mtengo aziyimba nyimbo zawo za Chigwirizano. Ndiye titenga wachiwiriyo, Lucy tikamuona pa lanchi pakati pa sabata. Merkato ndaisiya, a MlimiWaFodya mundikhululukire.

MlimiWaFodya_Chadiza
Ine ndikupempherera pulani B kkkk. Koma ku embassy mukafunsebe, osangomvera gaidi

Mphunzitsi_Wopuma
Ukafika umufunse gaidiyo akuonetse chikumbutso cha amonke a 1937, ndipo mu kamuseum kawo usathamangemo, muli mabuku olembedwa pamanja pa zikopa.

WaKuBole
Tiya ndi malo a UNESCO, miyala yoimikidwa pamanda yojambulidwa malupanga, si zoipa ngati pulani ina, koma msewu wakenso mufunse chimodzimodzi. Visa chitani ya pa intaneti musananyamuke, pa webusaiti ya boma lawo yeniyeni chifukwa pali ena onamizira amene amatchaja kawiri. Mukwerera ku Lusaka kapena ku Lilongwe?

NyaKapata
Ku Lilongwe, pa Mwami ndi pafupi kusiyana ndi kugona mu basi ya ku Lusaka

DubaiNaGuangzhou
Ngati muli na space mu bag nifunako khofi ya Tomoca 2 kg na ka netela kamozi ka border ya blue, nizakutumilani pa mobile money

AkauntiWaBoma
Risiti ya khofiyo isasokonekere mu za imprest